Bambo a kunyumba akufuna tigule nyumba pakati pa minda ku Marshall County, amene munayesapo tandiuzani

NaPhiri wa ku Mishawaka

Moni nonse. Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga n'kudutsa, lero ndabwera ndi yanga.

Tili ku Indiana, kuno ku America, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Timachita lendi ku Mishawaka, zipinda ziwiri, ana atatu, wamkulu ali giredi 7. Ine ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, bambo a kunyumba ali pa fakitale ina ya ma RV (magalimoto aja okhala ndi nyumba mkati) ku Elkhart. Lendi akweza katatu m'zaka zitatu, ndiye tinagwirizana kuti basi, chaka chino tigule yathu. Mpaka pamenepo tinkamvana. Tasiyana pa malo.

Ine maso anga anali pa Mishawaka pomwe pano, kapena Osceola. Iwo apeza nyumba ku Marshall County, pakati pa Bremen ndi Plymouth. Nyumba yakale ya pa famu, yomangidwa cha m'ma 1920, zipinda zinayi, maekala atatu, chikhola chofiira kuseri ndi mitengo isanu ya maapozi. Mwini wake anamwalira, ana ake anagulitsa minda yonse kwa mlimi woyandikana nawo, n'kudula kachigawo kali ndi nyumbaka kuti kagulitsidwe pakokha. Mtengo wake ukufanana ndi wa kanyumba ka zipinda zitatu m'tauni, kopanda ndi poyanika zovala pomwe.

Tinakaiona Loweruka. Sindinama, ndi yokongola. Bambowa kwawo ndi ku Mchinji, anakulira pa fodya ndi mtedza, ndipo zaka zonsezi akhala akulima tomato m'ndowa pakhonde la lendi ngati mkaidi. Titafika sanalowe ndi m'nyumba momwe. Anapita kuseri, kutapa dothi, kulifikisa m'manja, kulinunkhiza. Ndinangoti apa zanga zada. Pobwerera m'galimoto anali atagawa kale malo onse: apa chimanga, apa maungu, mbuzi zinayi, nkhuku zachikuda, ati ana adziwe kuti dzira silichokera ku Walmart.

Ine chinandigwira ndi china. Ndinaima pakhonde, uku chimanga, uku soya, mpaka kumene maso alekezera. Nyumba yapafupi imangooneka denga lokha. Ine ndinakulira ku Zingwangwa, komwe ukayetsemula aneba amayankha kuseri kwa khoma. Ndinaima mphindi khumi, sipanadutse munthu, ngakhale galimoto. Bambowa akuti ndi kumudzi ngati kwathu. Koma kumudzi kwathu kumakhala anthu. Uku ndi minda yokhayokha.

Wogulitsa nyumba uja anatchula zinthu mothamanga, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndikumva. Ati madzi ndi a pachitsime, chimbudzi ndi cha septic (thanki yokwiriridwa pansi pakhomo pomwepo), kutenthetsa m'nyumba ndi gasi wa propane, ndipo m'malire mwa malowo mumadutsa ngalande ya county, boma la deralo. Anazinena ngati ndi zabwino zokhazokha, ati bilu ya madzi kulibe. Ine mtima sunakhazikike. Munthu akamakuthamangitsa kusaina, pali chimene sakufuna uone.

Ndiye amene munagulapo kapena kukhalapo malo otere, ndiuzeni chilungamo. Ndalama zobisika zili pati? Nyengo ya snow, munthu wa shifiti ya 11 usiku amatuluka bwanji kumeneko? Ndipo ili ndi lovuta kufunsa pagulu koma ndifunsabe: ana akuda atatu pa sukulu ya kumeneko, zimakhala bwanji? Sindikufuna kupha loto la amuna anga, avutika mokwanira m'dziko lino. Komanso sindikufuna kukalira ndekha pakati pa chimanga.

Mlimi Wopanda Khasu

Mayi, mwafunsa bwino, safunsa anadya phula. Ine ndinagula malo ngati amenewo mu 2012 ku Kosciusko County, moyandikana ndi kwanuko chakum'mawa. Ndikadali pomwepo ndipo sindichoka, koma fizi ya sukulu imeneyi ndalipira yodula. Ndikuuzani monga ndingauzire mlongo wanga.

Yambani ndi chimbudzi, musaseke. Pitani ku health department ya county ku Plymouth mukafunse pepala la septic ya nyumbayo. Nyumba zambiri zakale za pa famu zilibe pepala. Zina thanki yake imangotulutsira madzi oipa m'mapaipi a m'munda n'kukathira mu ngalande, zimene kale anthu ankangochita koma lero lamulo sililola. Yanga inali yotero. Wopima nyumba anatsegula mpopi, anaona madzi akupita, analemba kuti zili bwino. Chaka chachiwiri kapinga wa kuseri anayamba kunyowa ndi kununkha. Atakumba anapeza kathanki kakale ndi paipi imodzi yolowera m'munda wa eni ake. Dothi langa ndi ladongo, silimwa madzi, ndiye anandilamula kumanga septic yokwezeka ija imaoneka ngati chulu chachitali. Ndinalipira $17,000, ndalama imene ndinkasungira kukamalizira nyumba ku Ntcheu. Choncho wopima nyumba wamba sakwanira. Itanani wodziwa za septic, atsegule chivundikiro, apope, aone kumene madzi akupita. Ikakhala yabwino, muzipopetsa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo muwauze ana kuti mafuta okazingira ndi ma wipes sizilowa m'menemo.

Chitsime musachiganize ngati mjigo wa kwathu. Ndi paipi yopita pansi, pampu yamagetsi ili mkati, thanki ili ku basement. Bilu kulibe, zoona. Koma magetsi akathima madzinso athima, ngakhale otsukira kuchimbudzi, ndipo kuno mtengo ukagwera waya amayamba kukonza kumene kuli anthu ambiri, ife omalizira. Jenereta si chinthu chodzionetsera, ndi gawo la nyumba. Musanasaine, madziwo akapimidwe ku labu, aone mabakiteriya, nitrate ndi arsenic. Nitrate ndi feteleza yemweyo alimi amathira, amalowa pansi. Malire ake ndi 10 mg pa lita, akapitirira apo khanda silimwa. Madzi a dera lino alinso ndi chitsulo chambiri. Popanda softener, makina osefa madzi amene amagwiritsa ntchito mchere, yunifolomu yanu yoyera idzasanduka ngati mwaichapa mu Mudi nthawi ya dzinja, ndiye konzekerani kusenza matumba a mchere kutsika nawo ku basement mwezi ndi mwezi.

Propane ndi thanki yoyera ija munaiona pambali pa nyumba. Ya magaloni 500 amaidzaza mpaka 400 basi, amasiya mpata. Funsani ngati thankiyo ndi ya nyumbayo kapena ya kampani. Ikakhala ya kampani, mumagula kwa iwo okha pa mtengo umene anena. Ikakhala yanu, mumaimba mafoni n'kusankha wotchipa. Dzazani m'chilimwe. Mu Januwale 2014 propane anasowa dera lonse lino, mtengo unakwera kuposa kawiri, ine thanki ili pa 10 peresenti. Tinagona tonse chipinda chimodzi sabata yathunthu. Ndipo nyumba ya m'ma 1920 imadya gasi ngati mbuzi pa madeya, chifukwa makoma ake ambiri alibe chotsekera kuzizira. Apempheni eni ake malisiti a propane a zaka ziwiri zapitazi. Akakana, mwamva kale yankho.

Za ngalande ya county, musaione ngati kamtsinje kokongola. Dera lino kale linali madambo, Yellow River imene imadutsa pa Plymouth imakathira mu Kankakee, ndipo minda yonseyi inauma chifukwa cha ngalande ndi mapaipi okwiriridwa pansi. Ngalande ikakhala ya county, iwo ali ndi ufulu pa mafiti 75 mbali iliyonse. Simungamangepo khola, ndipo akafuna kukonza amalowa ndi makina, mitengo yanu n'kuzula. Pa maekala atatu, mafiti 75 ndi munda wonse wa maungu wa bambowo. Mumalipiranso kandalama kokonzera ngalandeyo pa bilu ya msonkho. Pitani kwa surveyor wa county akuonetseni mapu. Mufunsenso ngati madzi anafika pakhomopo mu Febuluwale 2018, pamene Yellow River inasefukira ku Plymouth. Ku basement yang'anani makoma, mzere wa madzi sunama.

Koma chachikulu ndi ichi. Minda yozungulirayo si yanu, ndipo simudzakhala ndi mawu pa zimene mwini wake achitepo. Indiana ili ndi lamulo loteteza alimi kuyambira 1981, amalitcha Right to Farm. Ku Hendricks County mabanja ena anakhala pamalo awo zaka zambiri, kenako pafupi pomwepo panamangidwa makola a nkhumba 8,000. Anapita kukhoti chifukwa cha fungo, khoti la apilo mu 2019 linagamula mokomera mlimi. Ndiye onani mapu a IDEM, ofesi ya zachilengedwe ya boma la Indiana, amasonyeza makola akuluakulu onse a nkhumba, nkhuku, abakha ndi ng'ombe. Kuno kwathu abakha ndi nkhuku za mazira ndiye mbewu. Mukabwererenso kunyumbayo madzulo kunja kukutentha, mutsike m'galimoto, mupume mpweya. Loweruka m'mawa ndi wogulitsa nyumba, chilichonse chimanunkhira bwino. Fungo la manyowa pothira m'minda, fumbi la makina okolola mu Okutobala, phokoso la choumitsira chimanga usiku wonse, zimenezo ndiye musadandaule n'komwe. Walira mvula walira matope.

Nachisale

Achemwali, a Mlimi akuuzani za nyumba. Ine ndikuuzani za munthu wokhala m'nyumbamo, chifukwa ndinali ine.

Tinakhala zaka zinayi kufupi ndi Knox, ku Starke County, kenako tinagulitsa n'kubwerera ku South Bend. Choseketsa choyamba, Starke ili pa nthawi ya Chicago pomwe ntchito yanga inali pa nthawi ya South Bend. Ndinkachoka pakhomo 9 koloko kuti ndikafike 11, ulendo wa ola limodzi. Foni imangosinthasintha yokha mumsewu. Inu ku Marshall zimenezo mulibe, muthokoze.

Za snow ndikuyankheni mosabisa. US 31 ndi US 6 amakonza msanga. Vuto ndi kamsewu kochokera pakhomo panu kukafika kumeneko. Kopanda mitengo, kopanda nyumba, mphepo imatenga snow wa m'minda yonse n'kumuunjika pamsewu. Amakonza masana, pofika 10 usiku watsekanso. Kuntchito kwathu kuja mukudziwa, okalamba sadikira kuti kunja kuche. Ndagonapo kuntchito masiku awiri otsatizana chifukwa choopa kubwerera. Ndipo agwape. Novembala ndi mwezi wawo wothamangitsana, amadumphira pamsewu ngati atumidwa. Ndinagunda mmodzi 6 koloko m'mawa ndikuweruka, galimoto inathera pompo. Ndinakhala mumdima mphindi makumi anayi, ndikunjenjemera, osaona nyali ya munthu. Onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ndi ya comprehensive, ija yotchipa silipira gwape.

Za ana. Sindikufuna kukuopsezani ndi bodza. Aphunzitsi anali abwino, makalasi ang'onoang'ono, mwana wanga wamkazi ankadziwika ndi dzina sukulu yonse. Koma analinso yekha. Tsitsi lake aliyense ankafuna kuligwira. Tsiku lina m'basi mnyamata wina anamutchula dzina lija, loipa lija. A sukulu anachitapo kanthu, makolo a mnyamatayo anabwera kudzapepesa pakhomo, koma mwana anasiya kulankhula za kusukulu. Anayamba kundipempha kuti ndisamupakire nsima ndi usipa ngakhale kunyumba kukabwera anzake. Wanu wa giredi 7 ali pa msinkhu woipitsitsa wosamutsira mwana. Mufunseni, ndipo mumufunse bambo ake palibe.

Mbiri ya dera lino muidziwenso. Goshen, yomwe ili pafupi ndi kuntchito kwa bambowo, khonsolo yake inavomera poyera mu 2015 kuti kale unali mzinda umene munthu wakuda sankaloledwa kugonamo. Anachita bwino kuvomera. Koma zikutanthauza kuti kuyera kwa matauni ang'onoang'onowa sikunangochitika kokha.

Komabe ndinene chilungamo, aneba athu anali anthu. Mdala wina woyandikana nafe ankabwera ndi thirakitala kudzachotsa snow pakhomo pathu osapemphedwa, ndalama ankakana. Nditachitidwa opaleshoni, amayi a mpingo wina umene sitinkapempherako anabweretsa chakudya sabata yonse. Amathandiza kwambiri. Chimene sachita ndi kukhala. Amasiya mbale pakhomo, kumwetulira, n'kumapita.

Chimene chinandichotsa ndi maliro a mayi anga. Uthenga unabwera kuchokera ku Zomba mu Januwale, Lachiwiri madzulo. Mukudziwa mmene timachitira ku South Bend: pasanathe maola awiri nyumba yadzaza, azimayi ali kukhitchini, nyimbo zayamba, wina akulemba zopereka m'kope. Kwathu usiku umenewo kunafika magalimoto awiri. Sindikuwada anthu, msewu unali woipa, ambiri anali ndi shifiti m'mawa, ena anasochera n'kubwerera. Anabwera Loweruka, ambiri ndithu. Koma usiku woyamba uja ndinalira ndi amuna anga ndi ana basi, kunja kuli zii. Ndinawauza bambo a kwathu kuti ndikadzabwerako kumaliro, nyumbayi tigulitse.

Kwanuko n'kufupi kuposa kumene tinali ife, mwina sizingafike pamenepo. Koma muyeze mtundawo ndi maliro, osati ndi ulendo wa kuntchito.

Wa ku Ndirande

Aunt, ine ndingothirapo za ndalama, ndinagula chaka chatha ndiye zikadali m'mutu.

Malo a pakati pa minda ngati amenewo amalowa pa ngongole ya USDA (unduna wa zaulimi wa kuno), ija yopanda dipoziti. Amawonjezera 1 peresenti pa ngongoleyo poyamba, kenako 0.35 peresenti chaka chilichonse, zomwe n'zotsika kuposa za FHA, ngongole ina ya nyumba yodzera ku boma. Koma pali malire a ndalama zimene banja limapeza, 115 peresenti ya zimene banja lapakatikati limapeza m'deralo, ndipo amawerengera aliyense wamkulu wa m'nyumbamo, ma overtime omwe. Ife anthu a madabulo shifiti timagwa pamenepo. Pamafunikanso green card kapena unzika. FHA nayonso kuyambira 2025 inasiya kupereka kwa amene ali pa mapepala ongogwirira ntchito. Nyumba yomangidwa isanafike 1978 ikakhala ndi penti yosupuka, ngongole zabomazi zimafuna ikonzedwe kaye chifukwa cha mtovu (lead) wa mu penti yakale, ndipo chikhola chofiiracho akhoza kuchiwerengera.

Msonkho wa nyumba ku Indiana sudutsa 1 peresenti ya mtengo wake ngati mukukhalamo nokha, koma zimenezo zimakhudza nyumba ndi ekala imodzi yokha. Maekala awiri enawo amawalipiritsa mokwererapo. Musaiwale kulembetsa homestead, kusonyeza kuti ndi nyumba yokhalamo inu eni, kwa auditor wa county. Bilu imabwera kawiri, Meyi 10 ndi Novembala 10.

Imbani ku inshuwalansi musanapereke offer. Ozimitsa moto a kumeneko ndi ongodzipereka, ali kuntchito zawo, ndipo nyumba ikatalikira siteshoni yawo mtengo umakwera. Waya wamagetsi wakale ena amakana n'kuphimba komwe. Intaneti funsani ku REMC, kampani ya magetsi ya kumidzi ya deralo, ngati fiber inafika pamsewu umenewo, musakhulupirire mawu a wogulitsa.

Komaliza, pepani ndilowe pa za m'banja. Ntchito ya ma RV mukuidziwa. Mu 2009 ku Elkhart pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu analibe ntchito. Werengerani ngati malipiro anu okha angasenze nyumbayo miyezi isanu ndi umodzi, propane ndi mafuta a magalimoto awiri zili momwemo.

Mlimi Wopanda Khasu

Mayi Nachisale, pepani kwambiri. Zimene mwanenazo sindingatsutse. Ine mwina zimandipepukira chifukwa ana anakula, ndipo mayi a kunyumba ndi munthu wokonda zii kuyambira kale.

Ndabweranso chifukwa cha achimwene a ku Mchinji aja, muwawerengere izi. Chimanga chimene mwachiona mbali zonsecho si cha nsima. N'chachikasu, cha ziweto ndi ethanol. Munthu umakhala pakati pa nyanja ya chimanga koma ufa woyera ukukagula ku South Bend. Chaka changa choyamba ndinabzala chimanga chamakolo, mbewu yoyera ya mtundu wa kwathu imene mnzanga wina anandigawira. Chinakula, mayi inu, kupitirira denga la khola. Azungu ankaimitsa magalimoto kujambula. Koma ngaiyaye osatuluka. Masiku a chilimwe kuno ndi aatali, dzuwa limalowa cha m'ma 9 usiku, ndiye chimanga cha kwathu chimangokula osadziwa kuti nthawi yobereka yakwana. Chinamasula mu Seputembala, chisanu cha Okutobala n'kuchipsereza chili chiwisi. Ndinakolola mapesi. Agule mbewu yoyera ya konkuno, abzale pakati pa Meyi chisanu chikatha.

Maungu ndiye amachita bwino, nkhwani timadya mpaka kugawira a ku mpingo. Mpiru, rape, therere, nyemba, mbatata, zonse zimatheka. Koma bonongwe asamale naye. Kwa alimi a soya kuno, abale ake a bonongwe, amene amawatcha pigweed ndi waterhemp, ndi mdani woyamba, amawononga ndalama zambiri kuwapha. Neba wanga ataona ndikuthirira bonongwe m'mizere anangogwira m'chiuno, kuganiza kuti mutu wanga wasokonekera. Ndinamuphikira wotendera, anadya mbale ziwiri, koma anandipemphabe kuti ndizidula asanachite njere. Ndimatero mpaka lero.

Mankhwala amene amapopera m'minda amauluka ndi mphepo. Tomato wanga anapiringizika masamba chaka china, osabereka. Ofesi yodandaulirako ilipo, ya State Chemist ku Purdue, koma ine ndinaona kuti chanzeru ndi kupita kwa mlimiyo ndi mazira dazeni imodzi tisanayambane. Tsopano amanditumizira uthenga akafuna kupopera, ndipo amadikira mphepo itembenuke. Dimba aliike pakati pa malowo, osati m'malire.

Nkhuku azitsekera usiku uliwonse. Ma raccoon ali ndi manja ngati a mwana, amatsegula chitseko. Anandiphera khumi ndi ziwiri usiku umodzi. Mbuzi akagule kwa a Amish, alimi a mpingo uja oyendera ngolo za akavalo, alipo ambiri cha ku Bremen ndi Nappanee, kapena ku msika wa ziweto ku Shipshewana. Anthu amenewo ndiye amatimvetsa. Ukawauza kuti ukufuna mbuzi yamoyo ndi zam'kati zomwe, sadabwa. Ngolo zawo za akavalo muzisamala nazo usiku, Mayi NaPhiri, n'zakuda bii.

NaPhiri wa ku Mishawaka

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Achemwali a Nachisale, ndinalira nanu. Mayi anga akadali moyo ku Zingwangwa, ali ndi shuga, ndipo foni ikalira usiku mtima umandidumpha. Munakhudza penipeni.

Ndikuuzeni zimene zachitika sabata ino. Lachiwiri ndinali pa off, ndinanyamuka 10 usiku ndekha kukafika kunyumbayo n'kubwerera, kuti ndione msewu wake mumdima. Mphindi 38 kuchokera kuntchito. Agwape ndinaona asanu ndi awiri. Ndinazimitsa injini pageti n'kutsitsa galasi. Mantha ndinachita, koma nyenyezi zimene ndinaona ndinaziona komaliza kwa agogo ku Thyolo. Sindinawauze bambowa za nyenyezizo, angapezerepo mphamvu.

Lachitatu tinapita ku Plymouth. A Mlimi, munalosera: pepala la septic palibe. Ngalande ija ndi ya county ndithu, ndipo mafiti 75 akudya mitengo iwiri ya maapozi ndi malo onse amene bambowa anaikapo mbuzi m'mutu mwawo. Anakhala chete kuchokera ku Plymouth mpaka ku LaPaz. Thanki ya propane ndi ya kampani. Makola a nkhumba pafupi palibe, lalikulu ndi la ng'ombe za mkaka, mamailosi awiri chakum'mawa.

Tinagogodanso kwa mlimi amene anagula mindayo. Mdala wa zaka za m'ma 70, anatiyang'ana nthawi yaitali tisanalankhule, ine n'kuti basi zayambika. Kenako anafunsa bambowa kuti kwanu mumalima chiyani. Atamva fodya, nkhani inapsa, anaima pa thirakitala ola lathunthu, ine ndikuzizidwa m'galimoto. Iye ndi amene watiuza kuti basement imalowa madzi mu Malichi pampu yotulutsa madziwo (sump pump) ikafa, zimene wogulitsa sananene.

Mwana wamkulu ndinamufunsa tili awiri. Anati, "Amayi, ine ndingapite, koma mpira ndizikasewerabe ndi anzanga a kuno." Wachiwiri akungofuna galu.

Ndiye tapereka offer yotsika ndi $20,000, ndipo talemba kuti septic ndi madzi zikalephera mayeso, tituluka ndi ndalama yathu yachikole. Ine ndaika mfundo zanga zitatu kwa bambowa, ndawauza kuti asaine papepala ngati ku banki: tchalitchi sitisintha, tizipitabe ku South Bend sabata iliyonse ngakhale kugwe chiyani; jenereta igulidwe mbuzi isanagulidwe; ndipo zikapanda kundiyanja pakatha zaka zitatu, tigulitsa popanda kukangana kapena kuitana ankhoswe. Avomera msanga kwambiri moti ndikukayika ngati anamva.

Eni nyumba sanayankhebe. Wopima septic akubwera Lachinayi likudzali ngati avomera. Dzulo ndikufuna jeke m'buti ya galimoto ya bambowa ndapeza makasu awiri atsopano, risiti ya Lolemba, tisanapite ndi ku Plymouth komwe.

A Mlimi, jenereta yanu ndi yaikulu bwanji, yoti n'kuyendetsa pampu ya chitsime, firiji ndi chotenthetsera m'nyumba (furnace) nthawi imodzi?